Phewa limodzi, kamera imodzi

Ndinasiya kubereka chikwama chachikulu cha kumsana Loweruka lina la mwezi wa Okutobala, pa ukwati ku Zomba. Itakwana nthawi ya perekaniperekani, agogo a mkwatibwi, amene tsiku lonse anangokhala phee pampando, anadzuka mwadzidzidzi n'kuyamba kuvina, ndalama ili m'manja. Ine ndinali chakumapeto kwa holo, lenzi yokoka zakutali ili kumsana. Pomwe ndinkavula chikwamacho, kuchiika pansi, kufunafuna zipi, agogo aja anali atabwerera kale pampando wawo. Banja limenelo lilibe chithunzi cha agogo awo akuvina, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Chichokereni tsiku limenelo ndimayenda ndi kachikwama ka paphewa. Ubwino wake ndi woti kamatsegukira pamwamba kali m'chiuno momwemo: dzanja limodzi likweza chivindikiro, linalo litulutsa kamera, maso osachoka pa zimene zikuchitika. Koma tisanamizane, kali ndi vuto lake. Katundu yense amatsamira phewa limodzi. Ukalemetsa, pofika madzulo khosi limauma, ndipo mawa lake umayenda chopendekera ngati wasenza thumba la chimanga. N'chifukwa chake nkhani yonse yagona pa kupepuka.

Tiyeni tiwerengetsere. Kamera ya Canon EOS 2000D, imene ojambula ambiri amayambira, imalemera magalamu 475. Lenzi yake ya 18-55 ndi magalamu pafupifupi 200, ndipo kalenzi ka 50mm f/1.8, kamene ndimakakonda pojambula nkhope, ndi magalamu 160 okha. Muonjezerepo batire yapadera, mamemore khadi ndi kansalu kopukutira, simunapitirire kwenikweni kilogalamu imodzi. Tsono pali zikwama zina zimene zisanalowe kanthu zimalemera kale kuposa pamenepo chifukwa cha zikopa, zitsulo ndi matumba ambirimbiri. Zoterozo zimakongola pashelefu. Lenzi zikuluzikulu ngati 70-200 f/2.8, zolemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, malo ake si paphewa. Tsiku limene ntchito ikufuna zoterozo, tengani cha kumsana.

Langizo langa lalikulu n'lakuti mugule chikwama chocheperapo kusiyana ndi chimene mtima ukufuna. Malo akatsala m'chikwama, munthu umawadzaza basi: fulashi yachiwiri, tchaja, lenzi imene sunaigwiritsepo ntchito chaka chonse. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chikwama chaching'ono chimakukakamiza kuganiza usananyamuke kuti lero ukukajambula chiyani.

Popita kogula, kamera ikhale pomwepo. Kaya ndi m'sitolo ku Blantyre, kaya ndi pa kaunjika ku Limbe kapena ku Lilongwe, ilowetseni ili ndi lenzi yake, yoloza pansi, chogwirira chili m'mwamba. Kenako kolekani chikwamacho, tembenuzirani nkhope kumbali, muyese kuitulutsa ndi dzanja limodzi. Ikakodwa pazipi kapena ikafuna manja awiri, chisiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo.

Mukatero yang'anani lamba, pakuti pamene zikwama zambiri zimafera ndi pomwepo. Akhale wotambalala ngati zala zitatu, wokhala ndi kapilo kosatsetsereka paphewa. Onetsetsani polumikizira: ndinagulapo china chokhala ndi timangowe ta pulasitiki, ndipo kamodzi kanathyoka ndikutsika minibasi. Kamera inapulumuka chifukwa pansi pa chikwamacho panali siponji yochindikala. Kuyambira pamenepo ndimafuna mphete zachitsulo, kapena lamba wosokereredwa ku chikwama chenichenicho, ndipo ndimatsina pansi pake kuti ndimve ngati pali chotchinjiriza. M'mbali siponji ikhoza kuchepa. Pansi ayi.

Pali kanthu kena kamene anthu sakaganizira: phokoso. Zikwama zambiri zimatsekedwa ndi zomata zija za Velcro, zimene zimalira kuti phwee ukamamatula. Pamsika palibe angamve, koma m'tchalitchi abusa akudalitsa mphete, mpingo wonse umacheuka. Kampani ya Think Tank inaika tizivindikiro tophimba zomatazo pa zikwama zake za Retrospective chifukwa cha vuto lomweli. Ine ndinangopempha atelala a pakhonde kuti achotse zomata n'kuikapo kachitsulo kokowetsa.

Atelala omwewo angakuthandizeninso ngati ndalama zavuta. Gulani chikwama wamba cha nsalu yolimba, akusokereni kabokosi ka siponji kogawa zipinda ziwiri kapena zitatu, kolowetsa m'katimo. Musachite manyazi nazo, pakuti zikwama zotchuka zinayambanso choncho. Jim Domke, wojambula wa nyuzipepala ya Philadelphia Inquirer ku America, anapanga chikwama chake cha nsalu chotchedwa F-2 mu 1976 chifukwa zimene zinalipo sizinkamuthandiza pantchito. Kampani ya Billingham ya ku England inayamba mu 1973 ndi zikwama za asodzi, ojambula n'kuyamba kuzigula zomwezo. Komanso chikwama wamba sichilengeza zimene chanyamula. Chimene chalembedwa dzina la kamera ndi zilembo zikuluzikulu chimaitana maso pa depoti.

Kakolekedwe nakonso n'kofunika. Lamba adutse pamutu, apingase pachifuwa. Kungokoleka paphewa kumachititsa kuti uzikweza phewalo osadziwa, komanso wotsomphola savutika. Mu minibasi chikhale pamiyendo, osalola kondakitala kuchiponya kumbuyo ndi matumba a mbatata. Pa kabaza chibwere kutsogolo, pamimba. Ntchito ikatalika ndimasintha phewa pakapita ola limodzi kapena awiri. Botolo la madzi sililowa m'chipinda cha kamera, ngakhale litsekeke bwanji.

Fumbi la chilimwe limalowa paliponse, choncho chivindikiro chizifika mpaka m'mbali, ndipo kamodzi pamlungu ndimakhuthula zonse n'kukutumula chikwamacho. Mvula ya dzinja siivuta kwambiri: jumbo yaikulu yopindidwa m'kathumba ka kutsogolo imakwanira. Mdani weniweni ndi chinyezi. M'madera ngati Nkhata Bay ndi Mulanje, lenzi ikagona masabata m'chikwama chotseka, m'mdima, imachita chuku m'kati mwa galasi, timizere tooneka ngati ulusi wa kangaude, ndipo kuchotsa kwake n'kofuna kumasula lenzi yonse. Chikwama ndi cha paulendo, si mosungira. Mukafika kunyumba tulutsani zonse, chikwamacho chiume pamphepo, kamera ndi malenzi zilowe m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano.

Khadi imene yadzaza siibwerera m'chikwama. Ndimaiika m'thumba la malaya la batani, chifukwa kamera ikasowa ndingathe kugula ina, koma ukwati wa eni ake sungachitikenso. Lachisanu usiku ndimayala zonse patebulo: kamera, malenzi awiri, mabatire awiri, makhadi atatu, kansalu ndi jumbo. Fulashi ndimaitenga pokhapokha ngati madyerero akachitikira m'holo ya mdima.