Kodi Mumadziwa? Magazi Akatayikira M'chigaza Kunkhongo

Kodi mumadziwa kuti kunkhongo, m'kati mwa chigaza, kuli kachipinda kopanikizika kwambiri? M'menemo muli mbali ya ubongo yothandiza munthu kuyenda osadzandira, komanso tsinde la ubongo loyendetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima. Magazi ochepa chabe akaundana pamenepo amatha kufinya tsindelo, munthu n'kusiya kupuma.

Kodi mumadziwa kuti wovulala kunkhongo amatha kudzuka, kuyankhula bwinobwino, kenako n'kukomoka patapita maola? Apa m'pamene anthu ambiri amanamizika. Kunkhongo magazi nthawi zambiri amachokera m'mitsempha ikuluikulu yobweza magazi kumtima, choncho amadontha pang'onopang'ono, makamaka fupa likang'aluka. Ana ndiwo amapezeka nalo kwambiri vutoli. Mwana wagwa chagada mumtengo wa mango, kapena munthu wagwa pa kabaza alibe chipewa: akayamba kusanza mobwerezabwereza, kudandaula mutu, kuyenda dzandidzandi, kuuma khosi kapena kuodzera kosadzutsika, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ine zimandipweteka kumva anthu akuti "m'siyeni agone, adzuka bwino". Musamupatsenso aspirin, chifukwa amalepheretsa magazi kuundana.

Kodi mumadziwa kuti ubongo umapanga madzi pafupifupi theka la lita tsiku lililonse? Njira yawo yotulukira imadutsa m'kachipinda komweka. Ikatsekeka, madziwo amadzadza m'mutu, ndipo madokotala amalowetsa kapaipi kowatulutsira.

Nanga zoti X-ray wamba saonetsa magaziwo? Amaonetsa fupa lokha. Chimene chimaulula ndi makina a CT scan, amene anajambula wodwala woyamba mu 1971 pachipatala cha Atkinson Morley ku London. Godfrey Hounsfield, amene anawapanga, analandira mphoto ya Nobel mu 1979 limodzi ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg.

Poyeza kukomoka, madokotala amatsata Glasgow Coma Scale, muyeso wa mu 1974 woyambira pa 3 kufika pa 15. Amaona maso, mayankhulidwe ndi mmene thupi likugwedezekera.

Kodi mumadziwa kuti si onse amene amachitidwa opaleshoni? Magazi akakhala ochepa ndipo wodwala ali maso, amamugoneka m'chipatala n'kumamujambulanso kuti aone ngati akuchuluka. Akachuluka, dokotala wa ubongo amatsegula fupa la kunkhongo, kuchotsa magazi oundanawo ndi kutseka pamene akutulukira. Zikachitika wodwala asanakomoke, ambiri, makamaka ana, amachira n'kubwerera kusukulu.