Woyenda yekha ku Nullarbor amayamba ndi kuwerenga madzi

Anthu akamva za munthu amene amakhala m'galimoto miyezi yambiri akuyenda yekha, amaganiza za malo okongola. Ine ndimayamba ndaganiza za madzi, chifukwa ndi amene amalamulira tsiku lake lonse.

Ku Australia okalamba ambiri akapuma pantchito amagula kalavani n'kuyamba kuzungulira dziko lawo. Msewu wa Eyre Highway, umene umadutsa m'dera la Nullarbor, kuchoka ku Norseman kukafika ku Ceduna, ndi makilomita pafupifupi 1,200, ndipo m'njiramo mulibe tauni yaikulu, koma malo ogulitsira mafuta ndi chakudya otalikirana kwambiri. Pakati pa Balladonia ndi Caiguna msewu umangowongoka makilomita 146 osakhota.

Woyenda yekha amalawira kusanatenthe. Amayang'ana matayala ndi oyilo, kenako amawerenga madzi otsala m'zigubu. Kusamba n'kudzipukuta ndi kansalu konyowa, mbale amatsuka ndi kapu imodzi yokha. Dzuwa likapendeka amaimika galimoto, pakuti madzulo nyama za kangaroo zimadumphira mumsewu. Akamalowa m'chigawo cha Western Australia, zipatso amadyeratu asanafike pamalire, kumene amalanda poopa tizilombo towononga mbewu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi tulo. Msewu wowongoka umagonetsa, ndipo pambali palibe womugwedeza phewa. Netiweki ya foni nayonso imasowa mtunda wautali.

Inu amene mumalakalaka moyo umenewu, musanyamuke musanauze wachibale kumene mukagone usiku umenewo.