Mutu wa tsiku losamwa khofi

Tsiku loyamba kusala kudya m'mwezi wa Ramadan, anthu ambiri ozolowera khofi kapena tiyi wamphamvu amayamba kudandaula mutu dzuwa likamapendeka. Ena amaloza njala, ena ludzu. Zonsezi zimathandizira ndithu, koma palinso china: thupi limakhala likufuna caffeine. Zomwezi zimamugwera wa mu ofesi amene amamwa makapu atatu Lolemba mpaka Lachisanu, Loweruka n'kudzuka mochedwa, khofi osamulawa.

Nkhani yonse ili mu ubongo. Munthu akakhala maso nthawi yaitali, mu ubongo mumachuluka adenosine, yemwe ntchito yake ndi kuuza thupi kuti latopa, likagone. Caffeine amathamangira kukatseka malo amene adenosine amamatirira, tulo n'kubalalika. Izi zikamachitika tsiku ndi tsiku, ubongo umawonjezera malo aja kuti uthenga wa kutopa uzifikabe. N'chifukwa chake kapu imodzi imasiya kukwanira. Ndiye tsiku lomwe khofi wasowa, adenosine amapeza malo onse ali pululu. Mitsempha ya magazi ya m'mutu, yomwe caffeine amaifinya, imatakasuka, magazi n'kumayenda ambiri, mutu n'kuyamba kugunda.

Mu 2004, Laura Juliano ndi Roland Griffiths anaunika kafukufuku wa zaka zambiri pa nkhaniyi. Anapeza kuti zizindikiro zimayamba pakatha maola 12 mpaka 24 munthu atasiya caffeine, zimafika poipa tsiku loyamba kapena lachiwiri, ndipo zimatha pakati pa masiku 2 ndi 9. Pafupifupi theka la anthu amamva mutu. Ena amafooka, kuwodzera, kupsa mtima msanga, kuchita nseru kapena kuphwanya m'thupi ngati chimfine. Anthu 13 pa 100 aliwonse amavutika mpaka ntchito kuwakanika. Mu 2013 bungwe la American Psychiatric Association linaika vutoli m'buku lake la matenda, DSM-5.

Chodetsa nkhawa n'chakuti chibabachi sichifuna khofi wambiri. Mamiligalamu 100 a caffeine patsiku, omwe ndi pafupifupi kapu imodzi, ndi okwanira. Ndipo amene amati samwa khofi asadzinamize, pakuti tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zonse zili ndi caffeine.

Bungwe la FDA ku America limati mamiligalamu 400 patsiku savulaza munthu wamkulu wathanzi, pomwe amayi oyembekezera ambiri amalangizidwa kusapyola 200.

Wofuna kusiya asadule kamodzin'kamodzi. Achepetse pang'onopang'ono kwa milungu ingapo, ayambe ndi kapu ya madzulo, yomwe imasokonezanso tulo. Aziwerenganso zolembedwa pa mankhwala a mutu, chifukwa ena mwa iwo ali ndi caffeine, ndipo amangotalikitsa vuto. Koma mutu ukabwera ndi kutentha thupi, asaganizire khofi, apite kuchipatala akayezetse malungo.