Za Kufunafuna Nthale ndi Mwala wa Fosifeti

Ana inu, pakulima ndi atate anu m'munda, kapena mudatolapo mwala wakuda wa maenjemaenje, wonga unasungunuka pamoto. Musamautaya msanga, pakuti mwala umenewo uli mboni yakuti pamalopo panali ng'anjo. Makolo athu anaidziwa bwino nthale, ndiyo mwala wa citsulo. Anaikumba, naithira m'ng'anjo ya dothi pamodzi ndi makala, nakoleza moto kufikira citsulo cinalekana ndi zinyalala zace. Ndipo osula, atapemerera ndi mibvukuto, anasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Pamene Dr. David Livingstone anafika kwa Amang'anja m'caka ca 1859, anapeza osula m'midzi yambiri. Kufikira lero kumpoto kwa Blantyre kuli phiri dzina lace Nthale, ndi lina Mindale, ndipo onse awiri ali ndi mwala wa citsulo.

Nthale siibvuta kuizindikira. Iri yolemera m'dzanja, ndipo mtundu wina wa nthale umakoka kasingano ka kampasi, monga acita maginito. Akatswiri a miyala amatsata cizindikiro cimeneci. M'caka ca 1921 Boma linaika Dr. Frank Dixey kuti akhale woyesa miyala m'dziko lathu. Ofesi yao iri ku Zomba. Masiku amenewo anali kuyenda pansi, ali ndi nyundo m'manja, amtengatenga atasenza mahema ndi matumba a miyala. Koma m'zaka za 2013 ndi 2014 ndege zinauluka munsimunsi pamwamba pa dziko lonse, ndi pa mapiri athu a Ntcheu omwe, zitanyamula makina akumva mphamvu ya miyala ya pansi. Anthu anacha nchito imeneyi Kauniuni, ndipo mapu ace anaturuka m'caka ca 1915 ai, koma ca 2015. Ndinena kawiri cifukwa ana ambiri amasokoneza zaka polemba mayeso.

Tsono fosifeti ndi wina. Iye sakoka singano, ndipo munthu wosaphunzira akhoza kukhala pamwamba pace tsiku lonse osadziwa kanthu. Makolo sanamfune, popeza munda ukaguga anali kuswa mphanje kwina. Ife tiribenso kwina kopita. Kodi munaona cimanga cacing'ono ca masamba ofiirira, cosakula ngakhale mvula irikugwa bwino? Kawirikawiri cimeneco cirikusowa fosifeti, amene amalimbitsa mizu. Mukaona manambala atatu olembedwa pa thumba la feteleza, dziwani kuti ya pakati ndiyo muyeso wa fosifeti. Feteleza ameneyu timagula kunja ndi ndalama zambiri, ndipo dziko la Morocco ndilo liri ndi mwalawu wocuruka koposa maiko onse.

Koma nafenso tiri nao. M'boma la Phalombe, kumwera kwa nyanja ya Chilwa, kuli mapiri a Tundulu, amene ali zotsala za phiri lamoto limene linazima zaka zoposa mamiliyoni 100 zapitazo. Bambo M. S. Garson anayesa mapiriwo, nalemba buku lace m'caka ca 1962. Ndipo akatswiri a ku Japan anabwerezanso nchitoyo m'zaka za m'ma 1980. Anatola miyala, anakumba ngalande, anaboola pansi ndi makina amene amaturutsa mwala wautali wonga musi. Miyalayo anaipera, naiyesa ndi mankhwala. Momwemo anawerenga kuti pa Tundulu pali mwala wa fosifeti wokwana ngati matani 2 miliyoni.

Mwina wina mwa inu afunsa kuti, Nanga bwanji sitingoutapa ndi kukathira m'minda? Funso limeneli ndi labwino. Mwala wa pa Tundulu susungunuka msanga m'nthaka. Mukausinja ndi kuuwaza, cimanga cingopeza pang'ono. Uyenera kuyamba wasanganizidwa ndi mankhwala aukali ochedwa asidi, ndipo pamenepo pafunika makina, magetsi ndi mseu wabwino. Comweconso ndi nthale: imene inakwanira wosula mmodzi moyo wace wonse siingakwanire ng'anjo ya makono ngakhale mwezi umodzi. Cifukwa cace oyesa safunsa kokha ngati mwala ulipo, koma afunsanso kucuruka kwace, kuya kwace, ndi mtengo wa kuunyamula. Malo ambiri amayesedwa, nasiyidwa.

Kuno kwathu tiri ndi citsanzo ca malo amene sanasiyidwe. Pa phiri la Chimwadzulu anapeza miyala ya mtengo wapatari m'caka ca 1958, ndipo pambuyo pace panakumbidwa mgodi. Ya fosifeti ikadadikirabe fakitale yace. Potero mukaona alendo alikukhoma zikhomo m'thengo kapena m'mphepete mwa munda, musazizule, ndiponso musathamange kukauza amai anu kuti mwalemera. Kauzeni atate anu, kuti iwo pamodzi ndi anyakwawa akafunse alendowo cikalata ca Boma cowalola kufufuza, ndi kumva za malipo ngati mbeu zidzaonongeka.