MULU WA MAKOBIRI PA TSIKU LOYAMBA SI CIKHO

Caka ndi caka mumzinda wa Las Vegas ku America mumacitika mpikisano waukulu wa poker, njuga ya makhadi, wocedwa World Series of Poker. Wofuna kulowa m'cigawo cake cacikulu amalipira madola 10,000, ndipo amapatsidwa makobiri oseŵerera amene sangagule kanthu m'sitolo. Makobiri akamuthera amanyamuka pathebulo, ndipo ulendo wake wathera pomwepo. Cikho cimapita kwa munthu mmodzi amene wasonkhanitsa makobiri a anzake onse.

Nthawi zina mwayi umagwera munthu pa tsiku loyamba, mulu wake nukula kuposa wa wina aliyense pathebulo. Apa mpamene ambiri amapunthwa, poganiza kuti apambana kale.

M'caka ca 2006 munalowa anthu 8,773, ndipo aliyense anayamba ndi makobiri okwana 10,000. Onse pamodzi anapitirira 87 miliyoni. Motero munthu amene anaculukitsa ake kakhumi pa tsiku loyamba, nafika pa 100,000, anali ndi gawo limodzi cabe mwa magawo 877 a zimene wopambana anayenera kusonkhanitsa.

Cifukwa cina cofunira kudekha ndi msonkho wa pathebulo. Makhadi asanagawidwe, oseŵera aŵiri amaponya makobiri pakati mokakamizidwa, ndipo udindowu umazungulira. Poyamba msonkhowu umakhala wocepa, koma umakwera pa maola aŵiri aliwonse. Wa mulu waukulu amene athamangitsa anzake m'maola oyamba ndi makhadi ofooka amaika zambiri pangozi pofuna kutola zocepa. Anzakewo akadali ndi makobiri okwanira, cotero amangodikira makhadi abwino kuti amuchere msampha. Akagwamo kaŵiri kapena katatu, mulu uja wasanduka wa anthu ena.

Oseŵera ozoloŵera amauona mulu waukulu ngati nkhokwe yodzaza: nchito yake ndi kupirira nayo njala. Mwini wake angaluze dzanja limodzi nakhalabe pampando. Amasankha omenyana nawo, napewa wina wa mulu wolingana ndi wake, popeza ameneyo ndiye angamugwetse. Amayang'anitsitsa amene ali wamantha ndi amene amanamiza. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mphamvu ya mulu imaoneka bwino mphotho zikayandikira. Mu 2006 mphotho zinali za anthu 873 okha. Otsala akayandikira ciŵerengero cotere, a makobiri ocepa amaopa kutuluka cimanjamanja, ndipo amataya makhadi awo msanga. Pamenepo msonkho wakula, ndipo wa mulu waukulu amautola popanda womutsutsa.

Jamie Gold ndiye anapambana caka cimeneco. Anakhala patsogolo kuyambira pa tsiku lacinayi mpaka pamapeto, napanikiza anzake ndi mulu wake ndiponso ndi pakamwa pake, popeza anali wolankhulalankhula pathebulo. Anagonjetsa Paul Wasicka potsiriza nalandira madola 12 miliyoni.

Koma nkhani ya Jack Straus imacenjeza onse odalira mulu wa m'maŵa. M'caka ca 1982, pa Binion's Horseshoe, Straus anatsala ndi kobiri limodzi lokha la 500 mpikisano usanapite patali. Ndi kobiri lomwelo anakwera pang'onopang'ono mpaka anapambana pakati pa anthu onse 104 amene analowa, natenga madola 520,000. Amene anali ndi miulu pamene iye anali ndi kobiri limodzi anatuluka mmodzimmodzi iye akali pampando.

Ndipo njuga ndi njuga basi. Mwa anthu 8,773 a mu 2006, okwana 7,900 anabwerera kwawo opanda kanthu, aliyense atasiya madola 10,000 ku Las Vegas.