Za Kuwawa kwa Pamfundo ya Dzanja

Poyendera midzi tipeza kawirikawiri amai alikusinja ndi dzanja limodzi, linzace atalimanga kansanza. Tikafunsa, ati pamfundo ya dzanja, patsinde pa cala cacikuru, pawawa ngati moto. Ena ayesa kuti awalodza, nakatemetsa mphini. Koma nthendayi iribe ufiti, ndipo mphini ziwonjeza bala cabe. Sing'anga wa ku Switzerland, Fritz de Quervain, anailongosola kale m'caka ca 1895.

Mitsempha iwiri yolimba ngati zingwe, imene ikoka cala cacikuru, ipyola m'kanjira kopapatiza pamfundo ya dzanja, monga ulusi upyola m'bango. Dzanja likacita nchito imodzimodzi masiku ambiri, monga kufinya zobvala, kugwira munsi kapena khasu, kanjirako katupa, ndipo mitsempha ikhulana nako. Igwira makamaka amai a ana akhanda, popeza anyamula mwana m'khwapa, zala zazikuru zitatambasuka, kuyambira mamawa kufikira usiku.

Yesani cotere: pindani cala cacikuru m'cikhato, fumbatani, ndi kuweramitsa dzanja kumbali ya kacala kakang'ono. Pakalasa patsinde pa cala cacikuru, kawirikawiri ndiyo nthendayi.

Mankhwala ace oyamba ndiwo mpumulo. Ku cipatala amanga dzanja ndi calaco pa kathabwa masabata 4 kufikira 6. Nsaru yonyika m'madzi ozizira iziziritsa potupa. Ibuprofen acepetsa ululu, koma mai wapakati ndi munthu wa zironda za m'mimba asamwe osafunsa dokotala. Kukapanda kuleka, alasa jekeseni m'kanjira muja, ndipo ambiri acira nayo. Otsala owerengeka awang'amba pang'ono kuti njira ikule.

Pobvuta mpamene tinena kuti mpumulo. Mai adzapuma bwanji mtondo ulikumdikira? Apa tilankhula ndi inu abambo ndi ana osinkhuka. Tungani madzi, finyani zobvala, mgaiwa upite ku cigayo. Mwamuna sacepa ponyamula mwana wace. Inu amai, ponyamula khanda lowetsani mkono wonse pansi pace, dzanja liri coongoka.

Koma dzanja likatupa ndi kutentha mutalasidwa ndi munga kapena kulumidwa, thupi nkutenthanso, m'katimo mungakhale mafinya. Likawawa mutagwa, kapena pfupa lathyoka. Pamenepo musagone nalo: pitani ku cipatala tsiku lomwelo.