Yambani ndi Ntchito Imene Mumaizemba

Pakhomo paliponse pali ntchito imene anthu amaizemba: kukumba chimbudzi chatsopano, kuchotsa zinyalala m'ngalande kapena kukwirira dzala lodzaza. Ntchito zotere n'zotopetsa ndiponso zonyansa, choncho ambiri timathamangira zopepuka n'kumati zinazo tidzaona mawa.

Komatu ntchito yozembedwa sichepa. Imalemetsa maganizo tsiku lonse, ndipo mvula ikayamba mu Novembala imakula. Dothi lonyowa limagumuka pokumba, ngalande yotsekeka imalowetsa madzi m'nyumba, ndipo chimbudzi chodzaza chimasefukira m'zitsime. Umu ndi momwe kolera imafalira. Mliri womwe udayamba m'boma la Machinga mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Njira yake njosavuta. Madzulo, sankhani ntchito imodzi imene mwakhala mukuithawa ndipo ikani khasu ndi fosholo pafupi ndi khomo. M'mamawa, dzuwa lisanatenthe, yambani ndi imeneyo musanagwire ina iliyonse. Ikakhala yaikulu, igaweni: lero kukumba, mawa kumanga, mkuja kufolera. Chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo alangizi a zaumoyo angakuthandizeni kusankha malo. Ngalande za m'misewu zimafuna anthu ambiri, kotero gwirizanani tsiku kudzera m'komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwanu.

Yovuta ikatha m'mawa, zotsalazo zimayenda msanga, ndipo mvula yoyamba idzakupezani muli kumunda, osati m'ngalande.